Tepi ya Papa inacita cuku: tingasunge bwanji zimene tijambula pa TV?

Nkhani yathu ya lero yayambira pansi pa sutukesi. Mwezi watha tinali kukonza maphunziro a acinyamata amene ali kukonzekera kulandira Ulimbitso, ndipo tinaganiza zowaonetsa ulendo wa Papa Yohane Paulo Waciwiri amene anafika m'dziko lino mu May 1989. Ife pa nthawiyo tinali anyamata a pa seminale yaing'ono ndipo ku Lusaka sitinapiteko, koma amalume athu amene anali kugwira nchito kumeneko anajambula Misa yonse kucokera pa TV yao natumiza kaseti ya vidiyo kumudzi. Kaseti imeneyo inayenda kuposa ife eni ake. Inakwera njinga, inaonetsedwa ndi jenereta m'machalichi a kumidzi, ndipo agogo amene anali asanaonepo TV anagwada pansi pamene Papa anali kudalitsa. Itamaliza maulendo ake tinaikulunga m'citenje ndi kuiika pansi pa sutukesi pamodzi ndi makhadi a ubatizo, mtima uli m'malo kuti tasunga.

Titamasula citenje cija tinapeza kuti mkati mwa kaseti, pa kagalasi kaja koonetsa tepi, mwayera mbuu ndi cuku. Tinalimbabe mtima. Tinafuna-funa deki m'Nabvutika monse, tinafunsa ku Kapata ndi ku Mchini, mpaka tinakaipeza kwa mkulu wina wokonza mawailesi amene anacita kuifukula pansi pa mulu wa zitsulo. Tepi inayenda mphindi zitatu cabe. Tinaona mkanjo woyera, tinamva kwaya patali ngati iimbira pansi pa madzi, kenaka deki inalira kuti khoro-khoro ndi kuima. Mkuluyo anaturutsa tepi itapiringizana ngati matumbo a nkhuku. Makhadi a ubatizo, amene ndi pepala cabe, tinawapeza ali bwino-bwino.

Mkulu uja sitimuimba mlandu ai. Makaseti a VHS anayamba ndi kampani ya JVC ku Japan mu 1976, ndipo kampani yotsiriza imene inali kupangabe madeki, ya Funai, inaleka mu July 2016. Ndiye kuti deki iliyonse imene yatsala ndi nkhalamba, ndipo ikafa palibe yatsopano yolowa m'malo mwake. Nonse amene muli ndi makaseti a ukwati wanu, a kudzozedwa kwa mwana wa m'parishi, a Nc'wala ku Mtenguleni kapena a Kulamba ku Mkaika, dziwani kuti cimene caticitikira ife cili pakhomo panunso.

Talemba izi pakuti tiona kuti ngozi yomweyo ili kubweranso, koma yadzera khomo lina. Nyumba zambiri, ngakhale muno m'komboni, zili ndi ma TV opyapyala oonetsa cithunzi cowala cimene achula kuti HD. Kujambula pulogalamu sikubvutanso, pa makina ena mungokanikiza batani lofiira pa rimoti basi. Koma kujambula ndi kusunga ndi nchito ziwiri zosiyana, monga kukolola kusiyana ndi kumanga nkhokwe. Ambiri a ife tikolola cabe.

Nanga tijambuliranji?

Wina afunsa kuti, kodi zonsezi n'za ciani popeza TV ilipo tsiku ndi tsiku? Mlimi adziwa yankho lake. Pulogalamu ya Lima Time, imene alimi akhala akuonera pa ZNBC kwa zaka zambiri, siyembekeza kuti mubwere kucokera ku dimba kapena kuti mutsirize kumanga mabelo a fodya. Pamene mbozi zija zoononga cimanga zinalowa m'minda yathu kumapeto kwa 2016, nkhani yake inali pa TV kawiri-kawiri, koma amene anali kuona kwambiri ndi a m'tauni, pamene mwini munda ali kumunda. Pulogalamu yotere ikajambulidwa ingathe kuonetsedwa kawiri kapena katatu pa msonkhano wa kopaletivu, kuimitsa pamene pabvuta, ndi kumasulira m'Cinyanja kwa amene Cingerezi ciwapita pambali. Onjezaninso nkhani ya magetsi. Mu 2024, caka ca cilala pamene madzi anatsika ku Kariba, nyumba zambiri zinali kukhala mu mdima maola ambiri pa tsiku. Amene anali ndi sola ndiwo anali kuona, ena tonse tinali kungomva m'mawa kuti dzulo kunali zakuti-zakuti.

Ndiye pali zinthu zina zimene zicitika kamodzi kokha. Maliro a Kadinala Medardo Mazombwe, amene anali Bishopu wathu kuno ku Chipata kuyambira 1971 mpaka 1996 ndipo anatisiya pa 29 August 2013. Maliro a Dr Kenneth Kaunda mu July 2021. Usiku uja wa pa 12 February 2012 pamene Chipolopolo inagonjetsa Ivory Coast pa mapenate 8-7 ku Libreville, pafupi ndi malo amene ndege inagwera m'nyanja ndi anyamata athu mu April 1993. Tonse tikumbukira kumene tinali pamene Stoppila Sunzu anamenya penate yotsiriza, ena tinathamanga m'misewu opanda nsapato. Koma ndani pakati pathu ali nao mpira wonsewo, wakuti angauike pa TV mdzukulu akafunsa?

Musanene kuti a wailesi ya kanema asunga zonse. Kale tepi inali yodula, ndipo nyumba zambiri zoulutsa mau ndi zithunzi zinali kufufuta zakale kuti zijambulepo zatsopano. BBC ya ku London inafufuta mapulogalamu ambiri a m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, ndipo ena mwa amene anapezekanso pambuyo pake anapezeka m'nyumba za anthu wamba. Ngakhale bungwe la NASA ku America linanena mu 2009 kuti matepi oyambirira a tsiku lija munthu anaponda pa mwezi mu July 1969 sapezeka, ndipo cioneka kuti anafufutidwa ndi kujambulidwapo zina. Titamva zimenezi manyazi a sutukesi yathu anacepako pang'ono.

HD ndi katundu wolemera

Mu October 2017 TV yakale ija yongofuna eriyo inazimitsidwa m'matauni a m'mbali mwa njanji, ndipo kucokera nthawi imeneyo mau akuti dekoda akhala pakamwa pa aliyense, kaya ndi ya TopStar, ya GOtv kapena ya DStv. Kusamuka kumeneku ndiko kunatsegula njira yakuti cithunzi ca HD cifike m'nyumba za anthu wamba. Tsono tiyenera kumvetsa cifukwa cake cithunzi cimeneci cibvuta kusunga.

Cithunzi ca pa TV cipangidwa ndi timadontho ting'ono-ting'ono. Cakale cija cinali ndi timadontho 720 mopingasa ndi 576 cotsika. Ca HD yathunthu cili ndi 1,920 mopingasa ndi 1,080 cotsika, ndiko kunena kuti timadontho take ticuruka kasanu. Cili ngati mphasa yolukidwa mothinana kwambiri, ndiye cifukwa cake muona ngakhale thukuta pa nkhope ya wosewera mpira. Koma mphasa yothinana idya bango lambiri. Ola limodzi la HD litenga malo a pakati pa 2 GB ndi 4 GB, nthawi zina kuposerapo. Tiyeni tiyerekeze kuti ndi 3 GB. DVD wamba ilowa 4.7 GB, motero ikwana ola limodzi ndi theka cabe. Misa ya kudzoza ansembe, imene kuno kwathu itenga maola anai osawerengera zolankhula za alendo olemekezeka, singalowemo. Fulashi ya 32 GB itenga maola khumi. Hadi disiki ya 1 TB, ndiko kuti 1,000 GB, itenga maola opitirira 300. Masamu amenewa atiuza kuti sitingasunge zonse. Mafilimu a ku Nigeria ndi a ku Philippines asiyeni apite, adzabweranso. Malo asungireni zimene sizidzabweranso.

Tinene pano pomwe kuti si canelo ciliconse cimene ciulutsa HD, ndiponso TV yodula siisandutsa cithunzi cakale kukhala catsopano. Taona nyumba zambiri zimene TV yaikulu yalumikizidwa ku dekoda ndi nthambo zitatu zija, yacikasu, yoyera ndi yofiira. Nthambo yacikasu sinyamula HD. Ifuna nthambo ya HDMI, ndi dekoda yakenso ikhale ya HD.

Njira zimene zilipo

Njira imene amalonda aitama kwambiri ndi ya dekoda yojambula yokha, monga DStv Explora imene inaturuka mu 2013. Ili ndi hadi disiki mkati mwake. Muiuza kuti ijambule pulogalamu yakuti pa nthawi yakuti, inu n'kupita ku msonkhano wa mphakati, pobwera mupeza yajambula bwino-bwino, cithunzi osasintha. Mungathe ngakhale kuimitsa nkhani pamene mlendo agogoda. Pa nchito yoonera mawa zimene zapita lero, palibe ina yoiposa. Koma mverani bwino apa. Zimene ijambula ziikidwa ndi loko, zitseguka m'dekoda yomweyo basi, ndiponso pokhapo ngati malipiro a mwezi ali bwino. Simungazikopere pa fulashi ndi kupita nazo kwa mlamu wanu ku Chadiza. Mphezi ya mu January ikaiomba, kapena disiki yake ikatopa, zonse zapita, ndipo dekoda yatsopano imene mudzagule idzafika yopanda kanthu. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pacala ndi wa mphepo. Zimene zili m'dekoda yolipira zikali pacala. Sitinena kuti makampaniwo alakwa. Mapulogalamu ambiri iwonso acita kugula, ndipo eni ake ndiwo afuna lokoyo. Tingonena kuti munthu asaganize kuti wasunga.

Pali madekoda ena ang'ono-ang'ono a macanelo aulere, a eriyo kapena a dishi, ndiponso ma TV ena atsopano, amene ali ndi kabowo ka USB. Mulowetsa fulashi kapena hadi disiki, mukanikiza batani lofiira, ndipo pulogalamu ilowa monga momwe yabwerera mumlengalenga, osataya kuwala kwake. Imeneyi ndiyo njira imene ife tiikonda, cifukwa pamapeto pake mukhala ndi failo imene mungaikopere pa kompyuta. Koma igwira pa macanelo osatsekedwa okha. Ndiponso cenjerani: si kabowo ka USB kalikonse kamene kajambula, pa madekoda ambiri olipira kabowoko ndi ka amisiri cabe. Ma TV ena odula ajambula ndithu, koma atseka zojambulazo kuti zioneke pa TV yomweyo yokha, ndiye mwabwereranso ku bvuto loyamba lija. Musakhulupirire mau a pa katoni kapena a mnyamata wogulitsa. Muuzeni ajambule mphindi zisanu inu mukuona, cotsani fulashi, kaiikeni pa laputopu ya wina. Ikaoneka kumeneko ndiye turutsani ndalama. Cinanso cimene cidabwitsa ambiri: mafulashi ambiri abwera okonzedwa m'njira yochedwa FAT32, imene silola failo imodzi kuposa 4 GB. Motero pulogalamu yaitali idulidwa m'zidutswa, kapena kujambula kungoima pakati pa ulaliki. Mukapeza zidutswa zitatu musataye ziwiri poganiza kuti ndi zobwereza.

Njira ina ndi ya kacipangizo kolumikiza dekoda kapena deki ku laputopu, kuti cimene cioneka pa TV cilembedwe mu kompyuta. Ukalumikiza ndi nthambo yacikasu cithunzi citsika kukhala cakale, ndipo pa nthambo ya HDMI madekoda olipira kawiri-kawiri aikapo loko wina wochedwa HDCP amene akaniza kukopera. Pa HD, tsono, njirayi siithandiza kwambiri. Koma kwa makaseti akale a VHS ndiyo njira yeni-yeni yowapulumutsira, ndipo anyamata ojambula maukwati ambiri aidziwa nchitoyi. Tepi ya maola atatu ifuna maola atatu, palibe cidule. Ndipo ngati muona zoyera mkati mwa kaseti musacite monga tinacitira ife. Iyambe yapukutidwa ndi wodziwa, cifukwa cuku ciononga tepi ndi deki yomwe.

Za kujambula TV ndi foni sitikambapo zambiri. Dzanja ligwedezeka, mwana alira kumbuyo, tambala alowerera. Ikatumizidwa pa WhatsApp icepetsedwanso kuti ipepuke, ndipo ikadutsa m'mafoni asanu nkhope ya Ambuye Bishopu siizindikirikanso. Komabe pamene palibe njira ina, jambulani ndithu. Ife lero tikanakondwa kukhala ndi cithunzi cogwedezeka ca 1989.

Njira imene ambiri aiiwala ndi yongopempha. Zinthu zambiri zimene zitikhudza kweni-kweni, monga Misa ya Krisma ku St Anne's, cikondwerero ca parishi kapena tsiku la alimi loonetsa mbewu, zijambulidwa ndi anthu amene tiwadziwa, a ofesi yofalitsa nkhani kapena mnyamata wolembedwa ganyu. Iwowa ali ndi failo yoyamba, yowala kuposa imene inaoneka pa TV. Mukalemba ganyu wojambula, pangano likhale lakuti adzakupatsani failo yeni-yeniyo pa fulashi yanu, osati DVD yokha ya cikuto cokongola. Ndipo pemphani sabata lomwelo, cifukwa naye disiki yake ikadzala afufuta ukwati wanu kuti alowetse wa wina.

Apa tiyeneranso kucenjeza makomiti a maparishi amene aulutsa Misa pa Facebook. Ambiri aganiza kuti cimene caikidwa pa intaneti cikhala mpaka muyaya. Mu February 2025 kampani ya Facebook inalengeza kuti mavidiyo oulutsidwa pompo-pompo azisungidwa masiku 30 cabe, kenaka n'kufufutidwa ngati mwini sanawakopere. Misa zambiri za maliro, za maukwati ndi za kudzoza ansembe zinapita motero anthu osadziwa. YouTube isunga nthawi yaitali, koma nayonso ndi nyumba ya eni ake. Mnyamata wodziwa pasiwedi akasamukira ku Lusaka kapena akakangana ndi komiti, khomo latsekeka. Onjezani mtengo wa mabandulo kuti mutsitse 3 GB. Intaneti ndi yabwino pogawira anthu, koma isakhale nkhokwe yanu yokhayo.

Kusunga kwake

Tsopano failo muli nayo m'manja. Apa ndi pamene ife tinagwera mu 1989, ndipo ndi pamene ambiri adzagwera.

Adani a zinthu izi ndi omwe aja a cimanga: cinyontho, kutentha ndi tizirombo, kuonjezapo mphezi ndi ana. Nyumba zathu zambiri ndi za malata opanda siling'i, ndipo mudziwa nokha momwe mukhalira mu October masana. DVD yocita kuocha pa kompyuta siili ngati yogula ku sitolo. Zolembedwazo zili pa utoto wopyapyala umene ufooka ndi dzuwa ndi kutentha. Taona ma DVD a maukwati a zaka khumi zapitazo amene aima pamene mkwatibwi alowa m'chalichi osapitiriranso. Hadi disiki ndiyo yocipa mukawerengera kucuruka kwa zimene ilowetsa, koma mkati mwake muli mbale zozungulira mothamanga kwambiri, ndipo ikagwa pa tebulo ili pa nchito kawiri-kawiri yatha. Isamakhale yolumikizidwa ku magetsi nthawi zonse. Mukatsiriza kukopera icotseni, muiike m'cikopo cotseka bwino, pa malo ozizira, kutali ndi khoma lonyowa. Fulashi ndi memori khadi siziopa kugwa, koma zisowa msanga, zicapidwa m'thumba la buluku, ndipo zikakhala zaka zambiri m'kabati osagwiritsidwa nchito zingathe kuiwala zimene zinasunga.

Pa mafulashi tikambepo zimene zinaticitikira. Tinagula ina pa msika yolembedwa 64 GB pa mtengo umene unatisangalatsa. Kompyuta nayo inabvomera kuti ndi 64. Tinakoperamo nyimbo za kwaya ndi mavidiyo a cikondwerero ca parishi, maina onse anaoneka pa mndandanda, ife n'kufufuta pa laputopu imene tinabwereka. Tsiku loonetsa anthu, mafailo oyamba okha ndiwo anatseguka, ena onse anali mankhusu. Mwana wathu wa ku koleji ndiye anatiuza kuti pali mafulashi abodza amene mkati mwake ndi ang'ono koma akonzedwa kuti azinama. Motero mukagula fulashi idzazeni mpaka pakamwa ndi mavidiyo, kenaka tsegulani woyamba, wapakati ndi wotsiriza. Ndipo musafufute koyambako musanaone ndi maso anu kuti kope latsopano liyenda mpaka kumapeto.

Lamulo lalikulu ndi ili: cinthu cimene cili pa malo amodzi cabe sicinasungidwe. Akatswiri a zosunga anena kuti makope akhale atatu, pa zipangizo za mitundu iwiri, ndipo limodzi likhale ku nyumba ina. Kwa ife a thumba lopyapyala, awiri akhale poyambira: lina kunyumba, lina kwa mbale kapena ku ofesi ya parishi. Nzeru imeneyi si yacilendo kwa ife. Lamulo la Mpingo, pa nambala 535, lilamula parishi iliyonse kusunga mabuku a ubatizo, a maukwati ndi a omwalira, ndipo pa nambala 491 lifuna kuti mndandanda wa zosungidwa ulembedwe pawiri, wina ukhale pa chalichi, wina ku likulu la dayosizi. Ndi cifukwa ca mwambo wotere kuti munthu wa imvi angathe kupita ku mishoni yakale ngati Minga kapena Chassa ndi kukafunsa tsiku la ubatizo wake. Azibambo akale aja analibe kompyuta, anali ndi inki ndi khama.

Ndipo buku lifunikabe ngakhale lero. Dekoda ipatsa failo dzina la manambala okha-okha, ndipo pakapita zaka zitatu palibe akumbukira kuti m'katimo muli ciani. Sinthani dzinalo tsiku lomwelo: caka, mwezi, tsiku, cocitika ndi malo. Gulani kabuku ka sukulu, lembanimo kuti fulashi nambala 1 muli zakuti, kope lake lili kwa uje. Pa vidiyo ya banja lembaninso maina a anthu amene aonekamo, pakuti tsiku lidzafika pamene wodziwa nkhope za agogo aja sadzakhalapo. Auzeni amai a kunyumba ndi mwana mmodzi wokhulupirika kumene kabukuko kali. Taona pa maliro ambiri katundu wa malemu ali kugawidwa, wina atenga disiki, mawa lake aifufuta kuti aikemo nyimbo.

Cotsiriza pa kusunga ndico cimene alimi acimvetsa kuposa aphunzitsi. Mbewu ya makolo, cimanga cija ca mtundu wathu cimene agogo anali kupacika pa utsi, siisungika cifukwa copacika cabe. Isungika cifukwa ibzalidwa caka ndi caka, ndi kusankhanso zitsononkho zabwino. Ukaipacika zaka khumi osabzala udzapeza yafa. Mavidiyo nao ali cimodzi-modzi. Kamodzi pa caka, tinene nthawi ya cisanu pamene nchito ya kumunda yacepa, turutsani disiki, onerani pang'ono, tsimikizani kuti ikali moyo. Pakapita zaka zisanu koperani zonse pa disiki yatsopano ngakhale yakaleyo ioneka yabwino. Ife tikanakopera kaseti ya Papa pa DVD m'zaka za m'ma 2000 pamene madeki anali paliponse, ndi kucoka pa DVD kupita pa disiki, lero sitikanalemba nkhani ino. Laputopu zambiri zatsopano zilibe ngakhale polowetsa DVD. Tsiku lina kabowo ka USB nako kadzasintha.

Mau amodzi pa za lamulo la dziko. Zambia ili ndi lamulo loteteza eni nyimbo, mafilimu ndi mapulogalamu, la Copyright and Performance Rights Act la 1994. Kusungira ana anu ndi nkhani ina. Kuocha makope ndi kugulitsa pa msika, kapena kulipiritsa anthu pakhomo kuti aonere, ndi kudya thukuta la wina. Oimba a makwaya athu amene alipira situdiyo ndi ndalama za mtedza wao, n'kupeza nyimbo zao zili kugulitsidwa pa memori khadi iwo osalandira ngakhale ngwee, adziwa kuwawa kwake. Ngati mufuna kuonetsa gulu lalikulu pulogalamu ya wailesi ya kanema, kulemba kalata yopempha cilolezo sikudula.

Kaseti yathu ija sitinaitaye. Mkulu wokonza mawailesi anaitsegula, anadula mbali yotafunidwa, anapukuta cuku pang'ono-pang'ono kwa masiku awiri ndi kulumikiza pamene panatsala. Mnyamata wina wojambula maukwati anabwera ndi laputopu yake. Pa Misa yonse ija tinapulumutsa mphindi khumi ndi imodzi, ndipo zina mwa izo ndi mizere yokha-yokha. Tsopano zili pa fulashi ziwiri, ina kunyumba, ina ku ofesi ya parishi, ndipo zalembedwa pa tsamba loyamba la kabuku kobiriwira. Acinyamata a Ulimbitso anaonera Loweruka lapitali. Anakhala cete, kenaka mtsikana wina anafunsa kuti, "Aphunzitsi, nanga nkhope yao inali yotani?" Tinacita kumuonetsa pa kalendala yakale ya m'sakristiya.

Tikhulupirira kuti amalume athu sanali okha amene anajambula masiku aja. Ngati pali wina ku Katete, ku Lundazi, ku Petauke kapena kuno ku Chipata amene ali ndi kaseti ya ulendo wa Papa wa 1989, kapena ya Ambuye Mazombwe akali Bishopu wathu, conde asaiike m'deki iliyonse pofuna kuiyesa. Auze katekisiti wa kwao, uthenga udzatifika, ndipo deki ya mkulu uja pakali pano ikali kuyenda.